Singano ndi Singano

Abusa, akuluakulu nonse, abale ndi alongo, ndaima pano kuti ndiwerenge mbiri ya mng'ono wanga. Dzina lawo la m'makalata mwalimva kale kwa abusa. Kwathu tinkawatchula kuti Anamantha, ndipo ndiwatsanzika ndi dzina lomweli. Akusukulu ya unamwino anditumizira pepala lotayipa bwino loti ndiwerenge. Lili m'thumbamu. Mundikhululukire, ndiwerenga langa lolemba pamanja.

Malemu anabadwa m'chaka cha 2001, m'chipinda cha kuseri kwa shopu yathu yosokeramo zovala, ndipo anali chitsirizira m'banja la ana anayi. Dzina lija linabwera ali m'kalasi yachiwiri. Tsiku la katemera anathawa pamzere, tinakawapeza atabisala pansi pa tebulo la makina, atadzifunditsa nsalu ya kasitomala. Choncho atamaliza sekondale n'kunena kuti akufuna unamwino, tonse tinafa nako kuseka. Mayi anafunsa ngati odwalawo azikawapeza pansi pa bedi. Iwo anayankha kuti woopa singano ndiye amabaya anzake mwachifundo.

Anakwatiwa mu 2020 ndi alamu athu, amakanika akhala apawa, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi. Kumpingo ankaimba kwaya. Mu 2023 anayamba sukulu ya unamwino. Yunifolomu yawo ndinasoka ndine, ya matumba akuluakulu, chifukwa ankati magolovesi kuwodi ndi osowa, wawapeza amabisa.

Mantha aja sanathe. Ankatiuza kuti ophunzira onse amayenda ndi nkhawa imodzi: kubayidwa ndi singano yomwe yachoka m'thupi la wodwala. M'kalasi amawaphunzitsa kuti ukabaya munthu, singanoyo uiponye m'bokosi lake la katoni. Koma kuwodi kwawo bokosilo linkadzaza mpaka singano kusuzumira kunja ngati minga, lina osabwera. Katemera wa matenda a chiwindi sanalandire. Kuchipatala anati ameneyo ndi wa antchito, inu ndinu ophunzira, kafunseni kusukulu. Kusukulu anati za katemera ndi za kuchipatala. Pogwira ntchito anali anamwino, pofuna chitetezo anali ana asukulu.

Lachisanu lina masana, m'mwezi wa Meyi, akukankhira singano m'bokosi lodzazalo, ina ya m'katimo inawabaya chala. Inachoka m'thupi la ndani, palibe akudziwa mpaka lero. Anasamba m'manja n'kuthamangira kwa asisitala oyang'anira wodi. Asisitalawo anati buku lolembamo ngozi lili mu ofesi yokhoma, mwini kiyi abwera Lolemba. Anawonjezanso kuti wophunzira akalembedwa m'bukumo amabwereza wodi yonse, chifukwa amaoneka wosasamala.

Apa ndiye pali mlandu wanga, ndipo ndiunena pamaso panu. Anabwera kushopu n'kundionetsa kabala kakang'onong'ono. Ine ndili pa makina, osadzutsa n'komwe mutu, ndinati aa, Anamantha mwayambanso, singano ndi singano, ine imandibaya kasanu pa tsiku, yamwani chalacho muzipita. Ndinaseka, abale anga. Ine telala, wodziwa singano ya ulusi, ndinaweruza nkhani ya singano ya magazi. Anandimvera chifukwa ndine mkulu wawo. Lolemba sanapitenso ku ofesi ija.

Anakayezetsa okha HIV mwakachetechete, katatu konse, n'kupezeka alibe, ndipo tinathokoza Mulungu. Za chiwindi palibe anazikumbuka. Mu Seputembala anayamba kufooka ndi kusanza, maso n'kuchita chikasu. Anagonekedwa m'wodi yomwe ija, bedi lachitatu kuchokera pakhomo, moyang'anana ndi bokosi lija. Ndinaliona ndi maso angawa, linali lodzazabe. Patatha masiku asanu ndi anayi, Lachiwiri m'mawa, anatisiya.

Pepala lili m'thumbali likuti anadwala kwa nthawi yochepa, ndipo likulangiza ophunzira kuti azisamala. Azisamala! Iwo amene ankati akapeza magolovesi amavala awiriawiri, anzawo n'kumawaseka? Ayi, tisanamizane pamanda. Chimene analakwa malemu n'kumvera akuluakulu: asisitala, aphunzitsi, ndi ine. Mwa tonsefe, amene ankanena zoona anali mantha awo aja. Zikundiwawa, ndipo sindibisa kuti ndakwiya.

Akusukulu ndi akuchipatala, mwakhala pamipando kutsogoloku, tikuthokoza chifukwa cha bokosi lokongolali. Lafika tsiku lomwelo, popanda wonena kuti kafunseni uko, popanda kudikira mwini kiyi. Koma bokosi limene malemu ankapempha miyezi yonseyi linali laling'ono, la katoni.

Malemu asiya mayi awo, poti bambo anatsogola kale. Asiya amuna awo, mwana wamkazi wa zaka zitatu, alongo awiri, ndi ine mkulu wawo. Asiyanso anzawo a m'kalasi makumi atatu ndi asanu, awo aima kumbuyoko ndi yunifolomu zoyera. Ndawafunsa m'mawa uno mmodzimmodzi: palibe amene walandira katemera, ndipo Lolemba akubwerera kuwodi yomwe ija.

Anamantha, mng'ono wanga, munalondola ndinu. Mzimu wanu upumule mu mtendere, kumene kulibe wokusekani.