Mbatatesi Zazikulu Pamwamba

Moni nonse abale mwa Ambuye. Ine sindine munthu wa mawu ambiri. Koma izi ndinene, chifukwa mwana wanga Matilida anatsala pang'ono kutaya malo a sukulu chifukwa cha ine.

Ndimalima mbatatesi ku Kaphuka n'kumagulitsa pa msika wa Chimbiya. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi. Matilida ndiye anapita patali, mpaka ku yunivesite, kukaphunzira kemisitiri. Ali m'chaka chomaliza, sukulu ina inamulonjeza malo a digiri yachiwiri, bola akhoze maphunziro ake onse.

Ndiye ndinadwala chibayo nthawi yozizira. Mayi ake anatisiya kalekale. Mwanayu anasiya mabuku n'kudzandidwazika kuchipatala masabata awiri, mayeso ali pafupi. Ine ndinachira. Iye analephera phunziro limodzi.

Zinandiwawa kuposa chibayocho. Ndinamupatsa nzeru ya pamsika. Ndinati, "Podzaza ndowa, zazikulu timaika pamwamba. A ku sukulu ija uwatumizire zimene wakhoza, chinacho ukhale chete. Akamadzazindikira udzakhala utalowa kale."

Anandiyang'ana. Anati, "Bambo, anthu aja sagula ndowa osakhuthula. Ndipo ngakhale asakhuthule, ine ndikudziwa chimene chili pansi."

Analemba kalata yekha n'kuwauza zonse: phunziro limene walephera, chifukwa chake, ndi nthawi imene adzalembenso mayesowo. Sanapemphe kuti amumvere chisoni. Ine ndinati basi, malo apita. Ndinkapita kumunda n'kungoima, khasu lili m'manja. Akhristu a mu mphakati wathu anabwera kudzapemphera nafe korona. Langa pemphero linali lalifupi: "Ambuye, mlandu ndi wanga, musalange mwana."

Yankho linafika patatha masabata atatu. Anati kulepherako kukanatha kumuchotsera malo, makamaka akanabisa. Koma poti waulula yekha, amusungira malowo mpaka atalemba mayeso obwereza. Analemba. Anakhoza. Pano ali komweko, akuphunzira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa mwana wolimba mtima kuposa ine. Mwana ameneyu ndimamupatsa ulemu. Inu amene mwana wanu wapunthwa pa sukulu, musataye mtima, komanso musamuphunzitse kubisa ngati mmene ndinachitira ine. Pempherani, ndipo anene zoona.

Masiku ano pa Chimbiya ndimakhuthula ndowa wogula akuona. Anzanga amandiseka. Aseke.