Mankhwala Anafika Amayi Atapita

Abale ndi alongo, ine ndikaima pamaso pa anthu mawu amandithawa. N'chifukwa chake ndachita kulemba.

Ndinali mwana wokwiyira Mulungu, koma mkwiyo wanga unalibe phokoso. Kutchalitchi ndinkabwera, ena akamaimba ine n'kumangoyendetsa milomo.

Ndinabadwa ndi kachilombo ka HIV. Ine ndi amayi tinkamwa ma ARV limodzi, kapu ya madzi imodzi, iwo asanapite kukagula nsomba ku Chia. Sankadumphitsa.

Kenako maso awo anasanduka achikasu. Mimba inatupa mpaka chitenje chinasiya kukumana. Kuchipatala anawapeza ndi matenda a chiwindi a mtundu wa C. Adokotala anati ma ARV sachiza matendawa. Mankhwala ake alipo, koma kuno kunalibe, ndiye anaitanitsa ku Lilongwe. Amayi anapempha kuti nanenso anditenge magazi. Sindinafunse chifukwa chake.

Tinadikira. Mpunga unadzalidwa, unacha, unakololedwa. Ndikaweruka kusukulu ndinkadzera kuchipatala kukafunsa, n'kubwerako chimanjamanja. Amayi anamwalira mankhwala asanafike.

Mankhwalawo atafika, adokotala anandiitana pamodzi ndi azakhali amene akundisunga. Anati matenda a chiwindiwo nanenso ndili nawo, ndipo mankhwalawo ndimwe ine.

Ndinakana. Ndinkaona ngati ndikudya moyo wa amayi. Ma ARV nawonso ndinasiya. Ndinkafuna kuwatsatira.

Azakhali sanandikalipire. Tsiku lina tikusenda chinangwa anati, “Iwe, amako zotsatira zako ankazidziwa. Anapempha adokotala kuti mankhwala akabwera a munthu mmodzi, akhale ako. Ukuwakaniranji?”

Mpeni unandipulumuka m'manja. Ndinagwada pa makoko a chinangwa pomwepo. Za Yesu wopereka moyo wake chifukwa cha ena ndinkazimva kuyambira ndili wamng'ono, koma tsikulo ndi pamene zinandilowa. Ndinamuuza kuti ndatopa, anditenge monga ndilili.

Mankhwala ndinamwa mpaka kutha, ma ARV ndinayambiranso. Atandiyezanso, matenda a chiwindi sanapezeke. HIV ndikadali nayo. Kapu ija ndimamwera ndekha.

Ambuye alemekezeke, chifukwa sananditaye pamene ine ndinadzitaya.

Inu muli ndi kachilombo, pemphani akuyezeni chiwindi maso asanasinthe. Tiwapempherere amene akudikirabe mankhwala, pakuti alipo. Ndipo iwe wokwiya mwakachetechete, Yesu akukudziwa. Ine ndimakhala pa benchi lakumbuyo. Udzakhale pambali panga, sindidzakufunsa kanthu.