Makalata Olembela Malemu Mtonga

Chaka chija mtedza unabeleka mpaka nkhokwe kuchepa, inu mukali pasukulu ku boma, ine ndinali mlembi wa kalabu ya alimi kuno kwa Mwase, ndipo buku la maina linkagona m'nyumba mwanga momwemu. Musaleke kuswa mtedzawo, Tiwonge, manja aziyenda pamene makutu akumva. M'bukumo munali dzina la munthu, mudzi wake ndi nambala ya foni, ndipo aphunzitsi opuma ndi ife ena amene ana anatigulila mafoni akuluakuluwa tinalembamo ndi imelo yomwe. Tinalembetsana kuti tiziuzana za misonkhano ndi za malilo, basi.

Kale, ana inu, uthenga unkabwela ndi mwini wake. Munthu ankapalasa njinga, afike pakhomo, anene odi, mumupatse mpando, ndipo akapuma m'pamene ankanena chimene wadzela. Kalata inkadzela kusukulu, ndipo usanaitsegule unkadziwa kale wolemba poona kapindidwe ka zilembo zake. Koma lelo uthenga ukulowela m'thumba uli kumunda, wotumayo sumudziwa, ndipo iyenso sadziwa ngati ukali moyo.

Tsiku lina kumsika wa Lundazi ndinakumana ndi Gondwe, wogulitsa mbewu ndi feteleza, munthu wa pakamwa pozuna. "Monile adada, a Sekilitale athu," anatelo atagwila dzanja langa ndi manja awili. "Ndibwelekeniko buku lija ndijambule chabe, kuti feteleza akatsika mtengo ndiziuza alimi. Ni thandizo, adada." Anandipatsa kapu yovala kumutu ndi sikipa yolembedwa dzina la shopu yake. Seka, Tiwonge, seka ndithu, agogo ako ndinapeleka midzi yonse ija chifukwa cha sikipa, ndipo inali yothina m'khwapa. Mwa anthu onse olembedwa m'bukumo sindinafunse ngakhale mmodzi.

Mvula itangoyamba, a Mtonga, mphunzitsi wopuma wa kutsidya kwa dambo, anagwa m'munda mwawo, ndipo tinawaika. Anasiya mkazi, anyaMvula, wochokela kwa Mphamba, amene anakhala m'mudzi wa amuna awo kuyambila utsikana mpaka imvi. Mwambo mukuudziwa, wamasiye akhala m'malilo mpaka abale a mwamuna adzammasule tikakolola, ndipo nthawi yonseyo dzina la malemu sitilitchula chisawawa, timangoti amene anatisiya. Foni ya a Mtonga inatsala ndi amayiwo chifukwa munali zithunzi za adzukulu.

Patapita milungu ingapo, foniyo inalila masana anyaMvula akupalila. Chizungu sankachimva bwino, koma dzina la amuna awo analiona, ndipo anapita nayo kwa alamu awo, a Lameki, mng'ono wa malemu. A Lameki anawelenga n'kumasulila: "Okondedwa a Mtonga, takusungilani feteleza wanu." Anangotsonya, nati awa ndi anthu amene sanamve za malilo. Koma mawa lake inabwela ina, ndipo iyi a Lameki anaiwelenga kawili asanamasulile: "A Mtonga, taona kuti dzulo munayang'ana feteleza wathu. Bwelani mudzatenge." Sabata lisanathe inabwela yachitatu, yowathokoza a Mtonga polima nawo limodzi chaka chimenechi.

Tsono tsoka lake, munda wa anyaMvula unachita bwino kuposa wa aliyense, chimanga chakuda bii, chachitali kuposa munthu. Chifukwa chake tonse tinkachidziwa, a Mtonga anathilamo manyowa a ng'ombe zaka ndi zaka, ndipo amayiwo chisoni chawo ankachithela pa khasu. Koma anthu anayamba kulumikiza. Inu a masiku ano mumaseka mukamva za ndondocha, munthu amene amati wafa koma wina anamubisa, anamudula lilime, namamlimitsa m'munda. Ife tinakula nazo, ndipo ngakhale tipemphele chotani zimakhalabe penapake m'mimba. Anthuwo anati makalata awa akuitana munthu amene ali pantchito, ndipo amene akumusunga ndi mkazi wake.

Palibe amene anawanena pamaso. Kumjigo amayi anzawo ankangosuntha zidebe, n'kuwasiyila malo aakulu. Pamalilo ena anaphika ndiwo, mbale yawo inabwelela osakhudzidwa. Wina anati anaona munthu wowelama pakati pa chimanga chija dzuwa lili paliwombo, ndipo atamulonjela sanayankhe. A Lameki sanali munthu woipa, yayi, koma anaonda, ndipo ankapita kumanda a akulu awo kukayang'ana ngati dothi lang'aluka. Pomaliza ananena kuti tsiku lomasula likafika, mlamu wawo abwelele kwa Mphamba, munda ndi nyumba zitsale.

Apa m'pamene ndikufuna mundiyang'ane bwino. Makalata omwewo ankabwelanso pa foni yanga, mawu omwewo, tsiku lomwelo, kusintha dzina lokha. Ndinadziwa kuyambila yoyamba kuti zachokela kwa Gondwe, ndipo ndinakhala chete, chifukwa ndinali ndi manyazi, ndinkaopa kuti andichotsa ulembi ndipo kutchalitchi adzandiloza chala. Ndinkadziuza kuti zizilala zokha. Koma tsiku lina ndikudutsa panjinga m'mbali mwa munda uja, masana ndithu, kopanda mphepo, masamba a chimanga anayamba kukhulana okha, ndipo foni yanga inalila m'thumba, nthawi yomweyo inanso n'kulila pakhonde la anyaMvula. Iwo anatukula mutu nandiyang'ana. Ine amene ndinkadziwa zoona zake tsitsi linandiimilila, ndipo njinga ndinachita kuikankha mpaka kunyumba.

Ndinakwela minibasi kupita kwa Gondwe. Anatsegula laputopu nandionetsa maina athu onse atandandalikidwa, ndipo la a Mtonga linali pamwamba. "Awa ndiye kasitomala wabwino," anatelo. "Kalata iliyonse atsegula. Makina akaona munthu watsegula, amutumizila zambili."

"Munthuyo tinaika m'manda," ndinatelo. "Akutsegula ndi mkazi wake, poganiza kuti mwina ndi uthenga wa ana."

Anagwila pakamwa, koma sanachedwe kupeza mawu. "Pepani chomene, adada. Koma musanene ati ni sipamu. Sipamu ni ya akawalala aja onama ati mwawina galimoto. Ine ndigulitsa feteleza weniweni, ndipo maina anthu analemba okha. Amene safuna adinize apa, zileka." Anandilozela timalemba ta Chizungu pansi penipeni, tating'ono ngati nyelele, timene ine ndi magalasi omwe sindinatione.

Ndinamuuza kuti anthuwo analemba okha, inde, koma analembela malilo ndi misonkhano, sanalembele feteleza wake, ndipo katundu kukhala weniweni sikusandutsa munthu wosaitanidwa kukhala woitanidwa. Ndinalankhula mwaukali, koma mawuwo ankandibaya ine ndemwe, poti bukulo silinayende lokha kupita kumsika. Gondwe anafafaniza dzinalo ine ndikuona, kenako anayang'ana pansi. "Vuto ni yakuti maina aya tinasinthana ndi anzanga a ku Chipata, wa masola a magetsi ndi wa mankhwala a ng'ombe. Manje kumene iwo anapeleka sindidziwa."

Ngakhale pamenepo ndinazengelezabe, mpaka tsiku lomasula linafika. Abale atakhala pansi pa mtengo wa mango, a Lameki atayamba kunena za ulendo wa kwa Mphamba, ndinaimilila. Ndinaika foni yanga pambali pa ya malemu, ndinati awelenge zonse ziwili. A Lameki anawelenga, kalata ndi kalata, ndipo ine ndinafotokoza za buku, za Gondwe, ndi za sikipa yomwe. Kenako a Lameki anagwada pamaso pa mlamu wawo, munthu wamkulu misozi ili mbwee, nati, "Mulamu, talakwa. Nyumba ni yanu, munda ni wanu, khalani."

AnyaMvula anatembenukila kwa ine, nafunsa motsitsa mawu, "A Sekilitale, munadziwa liti?"

"Kuyambila kalata yoyamba, amama."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Miyezi isanu ndatunga madzi ndekha, ndadya ndekha. Ine ndemwe ndinafika poyamba kuopa munda wanga, ndinkalowamo ndikuitana dzina lawo kuti ngati alimo andiyankhe. Inu mukudutsa pamsewu ndi yankho m'thumba." Anati sangakhalenso pakati pa anthu amene anawaona motelo, ndipo chimanga chija sanadyeko ngakhale chisononkho chimodzi. M'mawa mwake akukwela minibasi anandiitana, nandiika foni ija m'manja, zithunzi atazisamutsila kwa mwana wawo. "Alendo awa munawaitana ndinu," anatelo. "Muziwalandila."

Foniyo ili m'kabatimo, ndipo ndimaitchaja, sindidziwa chifukwa chake, mwina poti anandiuza kuti ndiziwalandila. Ndadiniza timalemba tija kambilimbili, ena aleka, ena atsopano abwela, onse akuwalonjela a Mtonga mwaulemu ngati anadya nawo dzulo. AnyaMvula anamwalila kwawo chaka chatha, ndipo ndinapita kumalilo, koma ndinakhala kumbuyo kwenikweni.

N'chifukwa chake, Tiwonge mdzukulu wanga, buku la maina a mpingo ndikusungali, limene wandipempha m'mawa uja kuti ulengezele chiponde chako sindikupatsa, ndipo usandikwiyile. Chiponde chako n'chabwino, ndadya ndine. Koma pita kwa anthuwo mmodzimmodzi, uwafunse ndi pakamwa ngati afuna uziwatumizila, amene wakana umusiye, ndipo maina amene akupatsa usabweleke mnzako ngakhale akhale wokoma chotani. Ukamva kuti wina watisiya, usadikile mawa, ufafanize dzina lake ndi dzanja lako tsiku lomwelo, chifukwa kunyumba kwake kwatsala munthu amene adzatsegula.