Malalanje a Agogo Dougie

Loweruka lina la Novembala 2018, pasiteji ya basi ku Corby, m'dziko la England, Mayankho anangodziponya pabenchi atafungatira jumbo ya malalanje. Bambo wina wachilendo anali atamumva akuyankhula Chichewa pafoni.

"Pepani achemwali, ndamva mukuti apezeka, apezeka. Anasowa ndani?"

"Agogo ena a ku Scotland, a Dougie, omwe ndimawasamalira kunyumba ya okalamba. Mutu wawo suyendanso bwino. Lero atuluka pashifiti yanga, opanda jekete, kuzizira konseku."

"Kalanga ine! Ndiye munayambira pati?"

"Ogwira ntchito tonse tinamwazikana kukawafuna. Ndili m'njira ndinakumbukira kuti m'ma 1950 anali sitiraika, katswiri womwetsa zigoli ndi mutu, asanathyoke bondo n'kubwera kuno kudzagwira ntchito ya zitsulo. Ndiye lero ndi Loweruka."

"Musandiuze kuti anapita kumpira!"

"Kupaki uko, kumene kumasewera timatimu ta m'dera. Ndinawapeza ataima pafupi ndi golo, masilipasi kuphazi, akukalipira osewera kuti aponye mpira m'mwamba. Goloboyi anali atawafunditsa jekete lake."

"Mulungu ngwabwino. Atakuonani anati chiyani?"

"Anangondiyang'ana m'manja. Amvekere, 'Hafu taimu yakwana, malalanje ali kuti?' Pa nthawi yawo ankadya amenewa akamapuma."

"Ndiye mwathamangira kukagula?"

"Eya, nditangowabweza kunyumba. Abwana avomera kuti Loweruka likubwerali tidzapite limodzi, atavala jekete ndi nsapato. Sindikufuna sitiraika wanga adzandikalipirenso pagulu."