Civic Yobiriwira ya Dindo

Lamlungu m'mawa ku Daly City, pamzere wogula mabanzi a pandesal, mayi wina wochokera ku Misa anagwira phewa la bambo wa zikhadabo zakuda ndi girisi. M'chinenero cha kwawo, bambo amamuitana mwaulemu kuti Kuya, mayi wachikulire kuti Manang.

"Kuya, ndinu amakanika?"

"Akufuna kudziwa ndani, Manang? Akutumani apolisi?"

"Palibe wandituma. Mwana wanga Dindo anatsitsa galimoto yake mpaka ikumakhula msewu ndi mimba. Akuti ikatero siimwa mafuta ambiri. N'zoona?"

"Ana amalankhula zambiri."

"Nanga matayala akutsogolo kutha mwezi umodzi? Ndikukayika kuti amachita nawo mipikisano ya mumsewu, ndipo amene mumawapatsa moto ndinu amakanikanu."

"Ife timangokonza injini, kumene amakathamangira sitifunsa. Ndi galimoto yanji?"

"Civic yobiriwira. Pagalasi lakumbuyo anamatapo dzuwa la pambendera yathu. Mwayang'aniranji kumbali? Mukuidziwa eti?"

"Ndikuidziwa. Chaka chino palibe amene waipitirirapo. Koma Dindo wanuyo musamuvutitse, Manang. Iye amangoima m'mbali mwa msewu atanyamula chikwama."

"Chikwama cha yani?"

"Cha woyendetsayo. Mtsikana wamfupi, amabwera atavala yunifolomu ya anamwino."



"Ameneyo ndi mlongo wake, Minda. Galimotoyo amaibwereka Loweruka lililonse, amati kuchipatala kwachepa anthu. Ndiuzeni chimodzi chokha, Kuya. Lamba amamanga?"

"Amamanga, Manang. Dindo sachoka pawindo mpaka ataona yekha kuti wamanga."