Mayi Amene Anangoonera Mwana Wawo Pazenera

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1994, achitatu kubadwa m'banja la achimwene anga. Ine ndikuyankhulane ndine azakhali awo. Sukulu ndinangoinunkhiza, magalasiwanso ndi obwereka, ndiye ndikapunthwa powerenga mundipirire.

Anayamba sukulu mu 2000, namaliza sekondale mu 2012. Kenaka anaphunzira utelala, natsegula kashopu ka chipinda chimodzi, makina ali pakhomo penipeni. Ine anandisokera diresi lothina dala, ati ndichepetse kudya m'nyumba za eni.

Mu 2018 anakwatiwa ndi bambo owotcherera zitsulo ali apawa, amene ankang'amba okha mathalauza awo kuti apeze chonamizira chopitira kushopuko. Musaweramitse mutu apongozi, tonse tinkadziwa.

Pa 3 Malichi chaka chino, atadikira zaka zambiri, Malemu anabereka mwana wamwamuna kudzera mu opaleshoni. Mwanayo anabadwa masiku asanakwane, ndipo anamwino anathamanga naye kukamuika m'kabokosi kotenthetsera. Mmene iye amatuluka m'kabokosimo, bala la mayi ake linali litayamba mafinya.

Madokotala atayeza anatiuza kuti pabalapo palowa tizilombo tosamva mankhwala. Anati timeneti timabisala m'zipatala, timayenda pamanja ndi pazitsulo za mabedi, ndipo timalimba chifukwa anthufe timamwa makapusozi ngati maswiti, n'kuwasiyira panjira tikangomvako bwino. Anasintha jekeseni, anasintha diripi, anaitanitsa mankhwala ena kutali. Tizilomboto osatekeseka.

Mu Epulo anawasamutsira m'kachipinda kaokha kumapeto kwa khonde. Munali bedi, ndowa, chitsulo chopachikapo diripi ndi zenera losatseguka. Wolowamo ankavala magolovesi ndi chovala chapulasitiki. Mwana analetsedwa kulowa. Ndiye ine ndinkazungulira kuseri, kukwera panjerwa, n'kumukweza mwanayo pazenera. Malemu ankakhazika dzanja pagalasi pomwe pali phazi lake. Ndikaona misozi, ndinkagwedeza chiuno chakuthachi mpaka aseke. Anamwino ankandithamangitsa, mawa lake ndabweranso. M'mawa uliwonse Malemu ankafunsa ngati lero awalola kumunyamula, ndipo m'mawa uliwonse ankauzidwa kuti adikire.

Pa 21 Meyi anatisiya m'kachipinda komweko, asanamunyamulepo.

Malemu asiya amuna awo, mayi awo, achimwene awiri, mng'ono wawo mmodzi ndi khandali. Tikuthokoza anamwino amene ankawasambitsa ife titaletsedwa, achibale amene anapereka magazi, matelala anzawo amene asoka nsalu yomwe agonamoyi, ndi inu nonse mwabwera kudzatipepesa.

Koma ndisanakhale pansi, pali kanthu. Chibwerereni kuchipatala, ndaona azakhali anzanga ndi azilamu akumulambalala mwanayu. Wina akuti m'manja mwanyowa, wina akuti mkono wadzanzi. Mukuopa kuti ali ndi matenda a mayi ake. Madokotala anamuyeza, alibe. Mayi ake analira kufuna kumugwira koma chitseko chinawakaniza. Inu chakukanizani n'chiyani? Madzi ndi sopo zili pakhomopo. Sambani m'manja, mubwere mudzamulandire mmodzimmodzi, msana wangawu watha.

Telala wathu, mwana wa achimwene anga, mzimu wanu uuse mumtendere. Mwanayu sagona pansi.