Chipongwe Chimene Chinagulitsa Mbuzi Zanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga tsamba lino, mtendere ukhale nanu. Ndine Zuze wa ku Chapananga, woweta mbuzi. Ndabwera ndi umboni wa mmene khola langa linatsala pang'ono kutha ndi chilala ine ndili ndi tsamba pa intaneti limene palibe munthu ankaliona. Ndikuuzirenitu kuti ndikulemba mtima ukadali wowira, chifukwa Mulungu anandiyankha m'njira imene sindinaikonde ngakhale pang'ono.

Chaka chimenecho mvula inatinamiza. Inagwa kawiri, kachitatu inangotionetsa mitambo n'kupita ku Mozambiki. Mapira anapserera ali m'mawondo. Pofika Okutobala msipu unali utatha, ndipo dzuwa linkatentha moti tsiku lina mthunzi wanga unakana kunditsata, unatsalira pansi pa ngolo. Ine ndine mkhristu, sindinama. Mbuzi za anzanga zinaonda mpaka tonde wa a neba ankatuluka m'khola chitseko chili chotseka, kungodutsa pampata wa mitengo osakhudza mbali. Zanga zinali zikadali ndi thupi chifukwa ndinali nditasunga matumba a madeya, koma matumba sabereka. Ndinadziwa kuti ndikapanda kugulitsa zambiri msanga, madeya adzatha ndipo zonse zidzafera m'manja mwanga, ndi zazikazi zomwe.

Mavenda ankadziwanso zimenezi. Anthu amenewa amanunkhiza mavuto a mlimi ali pa mapiri a Thabwa. Amatsika ndi malole awo, kufinya mbuzi m'chiuno ngati akusankha papaya, kenako kutchula mtengo woti ngakhale nkhuku yachitopa ingakasume kwa mfumu. Mmodzi wa iwo, Fulaide, anandiuza akutokosa m'mano: "Madala, gulitsani lero. Mwezi wamawa ndidzabwera kudzagula zikopa." Ndinamuyang'ana, ndinakumbukira kuti ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndinabweza mwala pansi.

Ndipamene ndinaganiza zowadumpha mavendawo. Ndinkamva kuti anthu a m'tauni masiku ano akafuna chinthu amangolemba pafoni, makina osakira aja n'kuwaonetsa wogulitsa. Ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi mpaka ku Nchalo, kwa bambo wina wa shopu yojambula makalata amene amapangiranso anthu masamba a pa intaneti. Anandifunsa kuti tilembepo chiyani.

Apa ndiye pali tchimo langa. Kwathu munthu saulula za m'khola. Ukamufunsa mwini ng'ombe makumi atatu kuti ali ndi zingati, amati, "Timbuzi tiwiri tongosungira ana." Si kudzichepetsa chabe ayi, ndi akuba. Ine anandikokolapo khola lonse zaka zapitazo, anangondisiyira chingwe ndi fungo. Choncho ndinamuuza bamboyo kuti liwu loti mbuzi lisaonekepo paliponse. Dzina la bizinesi likhale Chisomo Chokha. Chithunzi chikhale cha ineyo nditavala suti ya pa ukwati. Atatsegula mapu kuti ndiloze pamene ndimapezeka, ndinayang'ana kumene kuli nyumba yanga, n'kusuntha chala kutali, mpaka chinakagwera pakati pa mtsinje wa Mwanza.

Ndipo bambo uja, munthu wophunzira, wamagalasi, sanandiletse. Anangoti, "Kasitomala salakwa. Dikirani, makina akupezani okha." Ameneyo ndinamukhululukira chifukwa malemba amatikakamiza, koma ndikadutsa pa shopu yake ndimayang'ana kumbali.

Ndinadikira. Kwathu netiweki imapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera pamenepo n'kulemba dzina la bizinesi yanga. Kunkabwera saluni ya ku Zomba, kwaya, sukulu ya mkaka, shopu ya mabokosi a maliro, minibasi zitatu. Dziko lonse la Malawi ndi Chisomo Chokha, kupatula ine. Ndinkatsika masamba mpaka chala chinatuluka thuza. Tsiku lina ndinafika tsamba lakutali kwambiri moti makinawo anandifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Amene akukayika abwere adzaone chipsera pachala changa. Okhawo amene anandipeza anali anthu achilendo ondilembera mauthenga kuti ndiwatumizire ndalama andikweze pamwamba pa onse mawa lomwe. Wogula sakukuona, koma wakuba wa pa intaneti amakuona ngakhale uli pansi pa mtondo.

Mkazi wanga Malita anandiuza tsiku lina ndikutsika pachulu: "Bambo a Joana, inu mukufuna anthu akupezeni, koma mwabisala. Mukugulitsa mbuzi kapena mukusewera chibisalirano?"

"Nkhabe, ayi, iwe za intaneti suzidziwa," ndinatero.

"Ine ndimadziwa za madeya. Latsala thumba limodzi ndi theka."

Sabata imeneyo kamwana ka mbuzi kanafa, make atauma mkaka. Ndinakakwirira kuseri kwa khola, ndipo pomwepo ndinapemphera pemphero loti likanamveka kwa abusa akanandiimitsa pa udindo. Ndinati, Ambuye, ine ndimapereka chakhumi, ndimasesa m'tchalitchi, dzina la bizinesi ndinatchula chisomo chanu. Fulaide sadziwa ngakhale kumene chitseko cha tchalitchi chinaloza, koma ndiye wonenepa. Kodi mbuzi izi munandipatsa kuti ndizidyetsere iye? Ndinatsimikiza kuti Loweruka ndimuitana Fulaide atenge pa mtengo wake wachipongwe uja.

Lachinayi masana ndinamanga ng'ombe zanga ziwiri pa ngolo kupita ku mtsinje wa Mwanza kukatunga madzi, pakuti nyengo imeneyo timafukula mumchenga. Nditafika ndinaona galimoto yapikapu itatitimira mpaka m'mimba pakati pa mtsinje, dalaivala akukumba ndi manja, thukuta lili kamukamu. Pambali pake panaima mayi wina wathupi, foni m'manja, akulankhula mokweza moti mbalame zinali zitasamukira tsidya lina.

"Bambo inu!" anandiitana. "Mukumudziwa munthu wotchedwa Chisomo Chokha?"

Ndinayankha ndikuyang'ana ng'ombe: "Ndimangomumva, mayi."

"Ndi munthu kapena ng'ona? Mapu akuti amakhala pano. Pano! Ndachoka ku Blantyre mbandakucha, ndili ndi ukwati woti ndiphikire Loweruka, foni yake sikulowa. Nyumba yake ili pansi pa mchengawu?"

"Anthu ena alibe khalidwe, mayi," ndinatero.

Dzina lawo linali Mayi Chikopa, ophika pa maukwati. Msuweni wawo, namwino pa chipatala chathu chaching'ono, ndiye anawauza kuti kuli bambo wa mbuzi zabwino n'kuwatumizira tsamba langa. Ndinamangirira ng'ombe ku galimoto n'kuikoka, ndipo nthawi yonseyo ankamutukwana Chisomo Chokha, ine ndikuvomera. Ndinawonjezerapo mawu awiri atatu kuti ndisaoneke wachilendo. Galimoto itatuluka ndinati, "Ngati ndi mbuzi, ndili nato tiwiri kunyumba. Tiyeni mukaone."

Anaziona, anazikonda. Malita anawalowetsa m'nyumba kuti amwe madzi, ndipo ine ndinali nditaiwala kuti chithunzi cha suti chija chapachikidwa pakhoma. Mayi Chikopa anayang'ana khoma. Anayang'ana foni. Anayang'ana ine.

Abale, ndakhala ndikutukwanidwa m'Chimang'anja, m'Chisena ndi m'Chipwitikizi cha kumalire, koma sindinamvepo zotere. Anandiyamba kuchipewa n'kutsirizira ku nkhwayira, osabwereza liwu. Laimu wa pakhoma anayamba kusupuka. Malita, mkazi amene ndinamulowola ndi ng'ombe zanga, ankangowawonjezera madzi kuti kukhosi kusaume. Ndinayesa kufotokoza za akuba, za chulu cha netiweki, zoti ndimapezeka pamsika tsiku la msika. Anangoti, "Ndiye mumaopa akuba mpaka kubisalira ndi ogula omwe?" Atatopa, anasankha mbuzi zisanu ndi imodzi, analipira mtengo weniweni osanenerera, n'kupita osatsanzika.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. M'mawa mwake ndili pachulu ndinapeza kuti andilembera ndemanga pa mapu paja, poyera, pamaso pa dziko lonse. Pa nyenyezi zisanu anandipatsa imodzi. Analemba kuti: "Mbuzi zogulitsa ku Chapananga, Chikwawa. Zonenepa, zathanzi, mtengo wabwino, zokwanira ukwati kapena chinkhoswe. Koma mwini wake ndi wabodza. Malo amene waika apa ndi pakati pa mtsinje. Muimbireni m'mawa akakwera pachulu chake, ndipo mukumane naye pamsika."

Zonse zimene ndinabisa anaziyala pa mphasa, n'kuwonjezerapo dzina loti wabodza. Ndinaimbira bambo wa ku Nchalo kuti afufute, anati ndemanga ya kasitomala safufuta mwini bizinesi. Ndinasala kudya masiku atatu kupempha Ambuye kuti aichotse ndi dzanja lawo lamphamvu. Inakhalabe pomwepo, ili gwa. Chokhacho chabwino n'chakuti ndalama za mbuzi zija zinagula madeya ena, ndipo Loweruka lija Fulaide sindinamuitane.

Patapita sabata ndi masiku, foni inalira ndili pachulu. Mawu a bambo: "Halo? Ndinu bambo wabodza uja wa mbuzi?"

Ndinafuna kudula. Koma ndinamva mbuzi zikulira kukhola, ndipo ndinati, "Ndine ndemwe, bwana."

Anali wa butchala ku Limbe. Ndinamufunsa kuti wandipeza bwanji, anati anangolemba pafoni kuti mbuzi zogulitsa ku Chikwawa, ine n'kutulukira. Patapita masiku awiri anaimba a komiti ya ukwati ku Chilomoni, kenako bambo wina wofuna mbuzi za sadaka. Onse ankayamba ndi moni yemweyo. Miyezi yonse ija ndili mu suti palibe anandiona, koma nditangotchedwa wabodza, Blantyre yense anandidziwa.

Ndinameza manyazi n'kuwaimbira Mayi Chikopa kuti andiuze chimene chachitika. Anati, "Bambo Zuze, makina aja si mneneri. Amawerenga zimene zalembedwa. Ine ndikafuna mbuzi ndimalemba mbuzi, sindilemba chisomo. Tsamba lanu lonse munalibe mbuzi ngakhale imodzi mpaka nditaikamo ine. Lembani zimene wogula angalembe, nenani dera, ikani malo oona, ndipo aliyense wogula mumupemphe alembepo maganizo ake."

Zinandiwawa chifukwa zinali zoona, komanso chifukwa Malita anali atanena kale kwaulere. Ndinabwerera ku Nchalo, ndipo ulendo uno ndinaima kumbuyo kwa bambo uja ngati kapitawo wa ku esiteti. Dzina linakhala Mbuzi za ku Chapananga, chisomo chinatsatira pambuyo. Suti inachoka, panalowa zithunzi za mbuzi, zojambulidwa pamsika osati pakhola. Malo a pa mapu tinawaika pamsika pomwepo, pansi pa mtengo umene ndimamangirira, ndi tsiku lake. Tinalemba nthawi imene foni yanga imalowa, ndi mayankho a mafunso amene ogula ankandifunsa mobwerezabwereza: zaka za mbuzi, mayendedwe, kalata ya alangizi a ziweto. Gulu lathu la alimi linaika dzina langa pa tsamba lawo. Sizinasinthe tsiku limodzi ayi, zinatenga masabata, koma ndemanga zinayamba kuchuluka ndipo ndinakwera pang'onopang'ono. Khola langa mpaka lero silili pa mapu a munthu aliyense. Ndinaphunzira kuti wogula safuna kudziwa kumene mbuzi zimagona, amafuna kudziwa kumene angakupeze iwe.

Mvula isanagwe ndinali nditagulitsa atonde onse ndi mifule pa mtengo wa anthu. Zazikazi zinadya madeya mpaka msipu unaphuka, ndipo palibe inanso imene inafa. Ndinagulitsirako ndi za a neba zimene zinali zikadatha kuima. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa lamwano lija osandikantha, ndipo anakana pemphero langa laulemu la masiku atatu. Akanafufuta ndemanga ija monga ndinapempha, lero bwenzi ndikuweta chingwe. Takhuta, Ambuye, monga timathokozera kwathu kuno.

Inu amene muli ndi kageni kanu, kaya ndi nsomba za ku Makhanga, kaya mpunga wa ku Makhuwira, ndipo mwatsegula tsamba koma foni ili zii, musataye mtima ndipo musatumize ndalama kwa olonjeza kukukwezani mawa. Pempherani, inde, koma mukatha ameni kawerengeni tsamba lanu ngati mlendo. Ngati silikunena chimene mumagulitsa ndi kumene muli, musamunamizire Satana. Limbikirani, ndipo wina akabwera ndi mawu owawa, musathamangire kutseka makutu, pakuti thandizo lina limafika likutukwana.

Chatsala ndi chimodzi. Mayi Chikopa tsopano amagula kwa ine mwezi ndi mwezi, koma nyenyezi yawo ikadali imodzi. Nditawadandaulira anati sadzasintha mpaka nditavomera poyera, pamalo pamene anthu amawerenga, zimene ndinachita. Ndalimbana nazo nthawi yaitali, ndipo lero ndagonja. Choncho pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu nonse: Mayi Chikopa, ndinanama. Ndinakuikani mumtsinje, inu ndi dalaivala wanu, ndipo ndinathandizira kudzitukwana ndekha. Ndalapa.

Tsopano bweretsani nyenyezi zanga zinayi. Ambuye akudalitseni nonse.